Khadi la Maulendo Khumi

Ndinagulitsa soya matumba atatu ndi mbuzi yaikazi,
ndalama ndinakazitula m'manja mwa a Sakala,
eni minibasi yoyera ija yomanga chitseko ndi waya.
Anawerenga kawiri, malovu pachala,
nang'amba chivundikiro cha katoni ya sopo
nalembapo: Yotamu Miti, Vubwi mpaka Chipata, maulendo khumi.
Siginecha yawo inali ngati nyerere yopondedwa.
"Mukalitaya, bambo, mwataya mbuzi."

Yobe kondakitala amayenda ndi msomali m'thumba.
Tsiku loyamba anaboola kawiri, ine ndi Zelipa.
Zelipa anatsamira phewa langa, wopepuka ngati gaga,
ndipo pa bampu iliyonse ankandifinya dzanja
osanena kanthu.
Mapiri anali pomwepo, akutero anthu,
koma ine ndinkangowerenga mpweya wake.

Ndinabwerera ndekha madzulo, bowo lachitatu,
nditanyamula nsapato zake m'pepala.
Kuwodi, anati anamwino, salola katundu wambiri.

Msewu wathu suwongoka, umachita manyazi.
Umazembera thanthwe, kutsetsereka kukamwa madzi kukhwawa,
kenako kukwera mokwawa, giya wani,
injini ikulira ngati ng'ombe yolandidwa mwana.
Pamtunda foni zimadzuka zonse pamodzi,
aliyense kukuwa: "Tili m'njira! Tili m'njira!"
Yanga sindinkafuna kuti ilire.

Bowo lachinayi, ndinatenga nthochi ndi chitenje chochapa.
Lachisanu, nthochi zomwezo ndinabwera nazo.

Mvula ya Januwale inatipeza pachitunda.
Matayala anangozungulira, matope kutimwaza kumaso.
Tinatsika tonse, mphunzitsi ndi tayi yake,
mayi wa tomato wa ku Kapata, m'busa, ine,
mapewa kumbuyo kwa galimoto, wani, thu,
mpaka inatsokomola nikwera.
Ndinapereka khadi, lonyowa m'mbali.
Yobe analiyang'ana, nayang'ana maondo anga,
nabweza msomali m'thumba.
"Lero mwatinyamula ndinu, mdala."

Tsiku limenelo ndinapeza Zelipa atakhala tsonga
akukangana ndi mnzake wa bedi lina
za mtengo wa feteleza.
Anandiona matope nati, "Mwabwera chonchi pagulu?"
Ndinatuluka panja, kuseri kwa thanki ya madzi,
ndinalira ngati mwana.

Lachisanu ndi chimodzi ndinagona njira yonse.
Lachisanu ndi chiwiri ndinavala jekete.

Pobwerera a Sakala anatsitsa mlamu wawo kutsogolo
kuti Zelipa akhale pawindo.
Yobe anaboola kawiri, mosamala,
ngati akusoka.
Titadutsa Mwami iye anayamba kuloza:
taonani nsungwi zija, taonani munda pamwamba paja,
ndani amakwera ndi khasu mpaka kumeneko?
Ndinasuzumira.
Miyala ikuluikulu yokhalirana pamutu osagwa,
mitengo ya misuku, utsi wa makala ukukwera mopanda changu,
anyani awiri pathanthwe akutiwerenga.
Kasanu ndi katatu ndinadutsa pano
ngati thumba la chimanga.

Tsopano latsala limodzi.
Zelipa akuti ndikagulire mbewu m'tauni lisanafufutike.
Ndimamufunsa: nanga pobwera?
Ulendo umodzi ndi wopita wokha,
ndipo ine za kupita kokha sindizifunanso.

Yobe akandiona pamsika amagwedeza msomali:
"Ngongole yanu tikuisunga, mdala!"
Isungeni.

Khadi limakhala m'thumba la jekete, likununkhabe sopo.
Nthawi zina m'mawa, mbuzi za eni zikamadutsa,
ndimalikweza kudzuwa n'kutsinzina diso limodzi.
M'bowo lililonse mumalowa phiri lathunthu.
Pakona pamene msomali sunafike
sipaoneka kanthu,
ndipo m'nyumba Zelipa akukuwa
kuti ndani wasiyanso chitseko chosatseka.